Amalume Anga a Kapitawo ndi Moto wa ku Mulunguzi

Tinawaika Lachinayi lapitali amalume anga a Wedisoni Makwinja, amene anthu a m'munsi mwa phiri la Zomba ankangowatchula kuti a Kapitawo. Kumanda kuja mkulu wa mpingo anawerenga mbiri yawo papepala. Akuti anatumikira nkhalango ya paphiri zaka makumi atatu ndi zisanu. Akuti ngakhale atapuma pa ntchito sanaleke kukonda mitengo. Akuti chaka cha moto waukulu uja anapsa manja onse awiri pozimitsa, ali nkhalamba kale. Apa anthu anati "mmm", amayi ena mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Ine ndinangoluma mlomo, chifukwa ndikanati nditsegule pakamwa, maliro aja akanasanduka bwalo la milandu.

Ndikudziwa, wakufa sanenedwa. Koma iwo ali moyo ananenera wamoyo bodza, ndiye mundilole ndiwerenge mbiri yanga. Ine ndine Esinati, mwana wa mlongo wawo. Iwo ndiwo anali mwinimbumba wathu. Kwathu kuno mwana akapalamula, amene amapita kukagwada ndi kupepesa ndi malume wake, osati bambo wake. Ife malume wotigwadira anali iwowo.

Anzawo amene anapuma nawo limodzi anapeza pogwira. Wina anatsegula kagolosale ku Matawale, wina anabwerera kumudzi kukaweta nkhumba. Amalume ayi ndithu. M'mawa uliwonse ankapolisha jombo zawo, n'kuvala yunifolomu yobiriwira imene anaiwala dala kubweza. Inali itasuluka ngati tsamba la fodya, paphewa pakuoneka timabowo pomwe panali baji. Wezulo m'khosi, kabuku m'thumba, uyo wanyamuka. Akazi awo a Naphiri masiku oyamba ankafunsa.

"Kodi bambo, mukupita kuti?"

"Kuntchito."

"Ntchito yake iti? Si munapuma?"

"Kodi mtengo unalandira kalata yopuma?"

Mawu amenewo tinawamva mpaka kutopa nawo. Ankanyamuka kwawo ku Mtiya wapansi, kukwera phiri lonse lija, n'kukaima pakanjira komwe amayi amatsikira ndi mitolo ya nkhuni. Mayi akafika, wezulo pyoo! "Tsitsa!" Mayi wa eni ake watola nkhuni zouma, chiphaso ali nacho, mtolo wautali kuposa iye mwini, khosi likuchita kunjenjemera, koma atsitse basi. Amalume ankasolola nkhuni imodziimodzi, kukanda khungwa ndi chikhadabo, kununkhiza. Ikapezeka imodzi yaiwisi, nkhwangwa yalandidwa, dzina lalowa m'kabuku. Mphamvu yolanda anali atasiya kuofesi pamodzi ndi baji, koma ndi mayi uti akanalimbana ndi bambo wa jombo pakati pa nkhalango?

Ineyo anandilanda kawiri. Kachiwiriko ndinali ndi pathupi pa miyezi isanu ndi umodzi. Ndinati, "Amalume, ndi ine." Sanandiyang'ane n'komwe. Anati, "Kuno kulibe malume," uku akulemba dzina langa.

Alonda enieni, anyamata olembedwa ntchito, ankawapatsa sailuti yachipongwe, akadutsa n'kumaseka. Iwo ankabweza sailutiyo ndi mtima wonse.

Kunyumba nako kunalibe mtendere. Munda wa a Naphiri, umene anaulima okha zaka zonse amuna awo ali kuphiri, unasanduka wolakwika: mizere yokhota, mapando oyandikana. Anabwera ndi chingwe ndi zikhomo, n'kuzula chimanga chomera kale kuti chibzalidwenso mwadongosolo. A Naphiri analira ngati pamaliro. Akuluakulu anzawo atawaitanira amalume ku bawo pansi pa mtengo wa mango, anati bawo ndi ya anthu otha ntchito. Ku tchalitchi anawaika m'komiti yokonza pabwalo poganiza kuti apeze chowatangwanitsa. Sabata yachitatu amayi a Mvano anakana kusesa, ati sanabwere ku peredi.

M'tauni munali mmwenye wina wachikulire amene amalume ankagulako mapepala ndi maenvulopu. Tsiku lina ndili momwemo ndikusankha ulusi, mkuluyo anawauza mwaulemu, m'Chichewa chake chosalala, kuti iye sitolo anasiyira ana, amangobwera kudzamwa tiyi ndi kupatsa moni anthu, ikakwana nthawi n'kupita kumzikiti. Anati, "A Kapitawo, pumulani. Phiri lili ndi eni ake atsopano." Amalume anabweza envulopu pakauntala n'kutuluka. Sanapondemonso, ankalolera kuyenda mpaka kumsika kukagula kwina.

Mapepala amenewo anali a makalata opita kuofesi yawo yakale. Apa ndinene chilungamo, pakuti sindinabwere kudzanama ngati iwo: zina zimene ankalemba zinali zoona. Kunkhalango kuli mwambo wake. Nthawi yachisanu, udzu usanaumitsitse, amalambula njira m'mbali mwa mitengo n'kuwotcha udzu wa m'njiramo m'mamawa mame asanachoke, kuti moto wolusa wa chilimwe ukadzabwera udzapeze palibe choti udye. Chaka chimenecho, kumtunda kwa mtsinje wa Mulunguzi, kumene kunali mitengo yaing'ono ya paini, njira ija sinawotchedwe. Amalume analemba mu Juni. Analembanso mu Julayi. Mu Ogasiti anapita nayo okha kalatayo. Sanayankhidwe ngakhale kamodzi.

Ndiye unafika Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo. M'mawa wina ndikupita kotola nkhuni ndinakumana nawo pa kamlatho ka mitengo pa mtsinjewo. Dzanja lina anali ndi muuni wa udzu wouma, lina nthambi yaiwisi yopumphunthira moto. Anali osangalala, chinthu chimene ndinali ndisanachione chipumireni pa ntchito.

"Esinati, uwauze anzako asalowere chakumtunda lero. Ndikukawotcha njira ija. Anyamatawa aone mmene timawotchera."

"Amalume, mwezi uno? Udzu utauma chonchi? Nokhanokha?"

"Moto umandidziwa ine. Ndinayamba kuwotcha iwe usanabadwe."

Wamkulu sauzidwa. Ndinatola nkhuni zanga chakumunsi n'kutsika. Pofika teni koloko utsi unkaoneka uli pamsika m'tauni, wakuda bii, phiri likulira ngati mvula ya matalala padenga la malata. Moto unayaka masiku awiri. Mitengo yaing'ono ija inapsa yonse.

Tsopano ndikuuzeni za achimwene anga a Fanuwelo, mwana woyamba wa amayi. Munthu wosadziwa kukangana, woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo. Ankaweta njuchi. Ming'oma yawo anaipachika m'mphepete mwa nkhalango ndi chilolezo, uchi ankagulitsa m'mabotolo kwa alendo okwera phiri. Ndi uchi umenewo ankadyetsa mkazi ndi ana atatu. M'mawa wa tsikulo anali kuming'oma, ndipo moto utawatsekereza anathawa akutsika, m'manja muli kachitini kawo kofukizira njuchi utsi. Anthu ambiri anawaona akuthamanga nako.

Madzulo a tsiku lachiwiri, dzuwa lisanalowe, ndinali ku Mtiya. Amalume anali pakhonde, manja ali matuza okhaokha, ine nditagwira beseni la madzi ozizira. Kunja kunaima galimoto ya ofesi ija, koyamba chipumireni. Anatsika bwana wachinyamata, yemwe uja sankayankha makalata. Anavula chipewa. Anakhala pa kampando kafupi, amalume ali pa mpando wautali. Anati, "A Kapitawo, tamva kuti munalimbana nawo nokha motowu ife tisanafike. Makalata anu tinalakwa kusawamvera. Tithandizeni nzeru."

Mukanaona nkhope yawo! Ululu wa manja unatha pomwepo. Msana unawongoka. Analankhula kwa theka la ola, za mphepo, za njira, za mmene ankachitira kale, bwana uja akulemba m'buku lake. Potsiriza bwanayo anafunsa kuti, poti inu munali kumtunda m'mawa muja, simunaoneko munthu?

Amalume anandiyang'ana ine, ine ndinawayang'ana iwo. Kenako anatembenukira kwa bwana uja.

"Ndinaona Fanuwelo, mwana wa mlongo wanga, ndi chitini chake cha utsi. Zikundiwawa kunena. Koma nkhalango ilibe chibale."

Bwana anapukusa mutu mwachisoni, nati anthu okhulupirika chotere anatha.

Ndinathamanga mpaka ku Matawale kwa amayi, mlongo wawo weniweni, bere limodzi. Ndinawauza zonse, za muuni, za pamlatho. Amayi anatseka chitseko kaye ndiye n'kuyankhula.

"Ukufuna ukaime pakhoti ukamutche mwinimbumba wabodza? Mawa mwana wako akadzafuna nkhoswe, adzaima ndani? Chibale ndi fupa, mwanawe, sichiola."

"Nanga achimwene si fupa?"

"Fanuwelo akadali ndi mphamvu, apirira. Malume wako ndende ingamuphe."

Ndinayesako kamodzi. Ndinapita kwa wapolisi amene ankafufuza nkhaniyo. Anandifunsa kuti woimbidwa mlanduyo ndi ndani wanga, ndinati achimwene. Anandifunsa ngati ndinayambanapo ndi a Kapitawo. Ndisanayankhe anatulutsa kabuku kaja, amalume anali atakapereka kale, n'kundionetsa dzina langa kawiri. Anati, "Mayi, nkhwangwa isakunamitseni." Ndinabwerera kunyumba. Tsiku la mlandu ndinakhala kumbuyo, pakamwa nditatseka. Chete ameneyo ndi wanga, sindimusenzetsa munthu wina.

Amalume anafika kukhoti yunifolomu itasitidwa, manja ali m'mabandeji oyera, n'kuwakweza bwinobwino polumbira kuti aliyense awaone. Achimwene anawapatsa chaka ndi theka.

Mukufuna kudziwa chimene amalume anapindula? Nyengo yobzala mitengo itafika anawaitana ku mwambo paphiri. Anawapatsa mpando wapulasitiki kutsogolo, botolo la zoziziritsa kukhosi, ndi mbande imodzi yoti abzale anthu akuwomba m'manja. Anawajambula chithunzi. Chaka chotsatira bwana uja anasamutsidwa, wobwera m'malo mwake sankawadziwa, ndipo galimoto ija sinabwerenso ku Mtiya. Mwana wa mlongo wawo anamugulitsa pa mpando wapulasitiki wa tsiku limodzi.

Pali tsiku lina limene ndimadana nalo kulikumbukira, chifukwa ndinawamvera chisoni. Linali Lolemba loyamba atapuma. Ndinkadutsa pa ofesi yawo ndi dengu pamutu, ndipo ndinawaona pageti. Panali mlonda watsopano. Anawatsekereza ndi dzanja n'kuwapatsa buku la alendo. "Mukufuna ndani, agogo?" Amalume anaima ndi cholembera m'manja, osalemba, osachoka. Munthu amene analowa pageti limenelo ali mnyamata, amene ankadziwa mtengo uliwonse wa paphiri chaka chimene unabzalidwa, sanadziwe choti alembe pa mzere wofunsa chimene wadzera. Ndinabisala kuseri kwa minibasi kuti asandione. Ndinafika kunyumba maso ali ofiira. Lero ndimati misozi imeneyo ndikanasungira achimwene.

A Fanuwelo anatuluka akutsokomola, mutu utayamba imvi. Ming'oma inapsa, chilolezo anawalanda, kuphiri anawaletsa kupondako. Mkazi wawo anapirira chaka chimodzi, chachiwiri anapita kwawo ku Phalombe ndi ana awiri aang'ono. Anatsala ndi wamkulu, Tadala. Pamsika pomwe amanyamula matumba a anthu, dzina lawo ndi a Machesi. Ngakhale ana asukulu amawaitana choncho. Tadala anamenyanapo kusukulu chifukwa cha dzina limenelo, koma atafika kunyumba anafunsa bambo ake kuti, ngati simunawotche ndinu, bwanji agogo a Kapitawo analumbira pa Baibulo?

Achimwene sanapite kukatukwana ku Mtiya, sanapite kwa sing'anga, sanachite kanthu. Anangosiya kulowa pageti la amalume. Anandiuza kamodzi kokha chimene ankafuna. Anati, "Chemwali, ndende ndinagwira kale, sangandibwezere. Angonena pamaso pa mwanayu kuti si ine. Basi."

Zaka zisanu ndi ziwiri tinadikira mawu amenewo. Amayi anamwalira osawamva, ndipo pamaliro awo amalume ndiwo anayankhula m'malo mwa banja, akulangiza ife ana kuti tizikondana. Ndinawatsatira kuseri kwa nyumba tsiku lomwelo n'kuwafunsa ngati alibe manyazi. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, nati mwana wamkazi wopanda mwambo ngati ine sanamuonepo, n'kubwerera kukakhala pa mpando wa akuluakulu.

Chaka chatha amalume anagwa pokwera phiri, ziwalo za mbali imodzi n'kufa. Amene anawanyamula kuwatsitsira kumsewu ndi amayi a nkhuni omwe aja, ena mwa iwo nkhwangwa zawo zisanabwezedwe. Ana a amalume ali ku Lilongwe ndi ku Joni, amangoimba foni. A Naphiri mawondo anatha. Ndiye wowasambitsa, wowatembenuza, wowamwetsa phala ndi supuni, anali ine. Anthu a kumpingo ankati Esinati ndi mwana wachikondi. Chikondi chanji! Ndinkadikira. Tsiku lililonse ndikawapukuta pakamwa ndinkati, "Amalume, pali mawu amene mukufuna kunena?" Iwo ankatseka maso.

Lolemba la sabata yathayi, masana, a Naphiri atapita kuchigayo, anandigwira mkono ndi dzanja lawo lamoyo lija, lazipsera. Lilime linali lolemera koma ndinamva bwinobwino.

"Ndinayatsa bwino ine. Mmene timayatsira. Mphepo ndiyo inatembenuka."

Ngakhale apa wolakwa anali mphepo, koma zinali zokwanira. Ndinaimba foni kwa achimwene. Ndinati siyani chilichonse, mutenge Tadala, bwerani msanga. Anafika pa kabaza, thukuta lili kamukamu, fumbi la ufa wa eni ake lili m'mutu. Tadala anali mu yunifolomu ya sukulu. Kanali koyamba achimwene kulowa m'nyumba imeneyo chitulukireni kundende. Anavula chipewa pakhomo, n'kugwada pafupi ndi bedi monga mwana amagwadira malume wake.

"Amalume, ndabwera. Uyu ndi mdzukulu wanu."

Ndinati, "Amalume, nenaninso zimene mwandiuza zija. Za mphepo. Nenani mwanayu amve."

Anayang'ana achimwene. Anayang'ana Tadala nthawi yaitali. Pakamwa panayenda, ine n'kuwerama kuti ndiwathandize mawu. Ndipo anayankhula momveka bwino kuposa masiku onse a matenda awo.

"Khoti linaweruza."

Anatembenuzira nkhope kukhoma. Ndinakuwa, ndinawagwedeza phewa, ndinawatchula mayina amene sindingawalembe pano. Achimwene anadzuka, kupukuta fumbi m'mawondo, n'kuvala chipewa. Tadala anayang'ana ine, kenako bambo ake, ndi maso aja a mwana amene akuona kuti akuluakulu agwirizana zomunamiza. Achimwene anangoti, "Tiye, mwanangu." Amalume anamwalira mawa lake m'mawa. Kumaliro achimwene sanabwere, ndipo anthu ankanong'onezana kuti a Machesi ndi munthu wa mtima wouma, mpaka kukana kuika malume wake.

Dzulo ndinapita ku Mtiya kukathandiza a Naphiri kukonza chipinda. Matiresi tinaitulutsa padzuwa, zovala tinamanga m'chitenje kudikira tsiku logawa. Munatsala bedi lachitsulo lokha, ndi fungo la mankhwala opaka. Zenera la chipindacho limayang'ana kuphiri, koma linali lokhomedwa ndi katoni mkati mwake. Miyezi yonse imene ndinkawadwazika ndinkayesa kuti n'chifukwa cha chisanu. Nditayamba kuzula misomali ndinafunsa kuti anakhoma liti.

A Naphiri anati, "Sabata imene Fanuwelo analowa kundende."

"Ndiye inunso munkadziwa, aanti?"

"Malaya a tsiku lija ndinachapa ndine. Machesi ndinawapeza m'thumba. Munthu wosasuta."

Anatuluka pang'onopang'ono, atagwira khoma. Ndinakoka katoni ija n'kung'ambika pakati, kumbuyo kwake kuli akangaude ndi mapiko a ngumbi za zaka zambiri. Kuwala kunalowa n'kugwera pa mawaya a bedi. Ndinaima pamenepo ndi tsache m'manja, m'chipinda mopanda munthu woti n'kumufunsanso kanthu, ndipo ndinazindikira kuti Tadala adzakula, adzakwatiwa, adzabereka, ali mwana wa munthu amene anawotcha phiri. Ndinasesa pansi pa bedi, n'kutseka chitseko.